Makina Opanda Thupi ndi Nkhokwe Imene Amadyamo

Munthu aliyense amene anaimapo pamzere wa ku banki kumapeto kwa mwezi, dzuwa likuswa mtengo, n'kumva kalaliki wa pazenera akupepesa kuti, "Bambo, sisitimu yagwa, mutilezere mtima," anaikhudzapo kale nkhani imene ndifuna kuyala pano, ngakhale sanadziwe dzina lake. Pakuti kuseri kwa mawu awiri aja kuli chipinda china chopanda zenera, chozizira ngati m'bandakucha wa mwezi wa Juni, chimene munthu wamba salowamo, m'mene mwaimikidwa makina osalankhula ndi wina aliyense maso ndi maso, koma odziwa dzina la munthu yense wa pamzerepo ndi tambala iliyonse imene ali nayo. Makina amenewo amawatcha maseva, ndiko kunena makompyuta otumikira anzawo. Ine ndinalowamo m'chipinda chotere tsiku lina, motsogozedwa ndi mnyamata wosamala makina pa kampani ina; ndipo m'mene anandiuza kuti amaweta maseva oposa 60, ndinamwaza maso uku ndi uku kufuna kuona khamu limenelo, koma ndinangopeza mabokosi anayi achitsulo, osanjikizana m'kabati imodzi yaitali ngati munthu.

"Nanga enawo ali kuti?" ndinafunsa.

"Ali momwemo, achikulire," iye anatero, "koma mukafuna kuona pamene pagona moyo wawo, musayang'ane mabokosiwo, yang'anani apa." Ndipo anandilozera kabati ina ya pambali, yodzaza madisiki kuyambira pansi kufikira pamwamba, timagetsi take tobiriwira tikuphethira ngati ziphaniphani za m'dambo.

Kuti timve chimene mnyamatayo anatanthauza, tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'zaka za m'ma 1990, pamene makompyuta otsika mtengo okhala ndi ubongo wopangidwa ndi kampani ya Intel anadzaza maofesi a ku America ndi ku Ulaya, mwambo unali wakuti ntchito iliyonse ikhale ndi seva yakeyake: ya makalata payokha, ya malipiro payokha, ya kaundula wa katundu payokha, chifukwa mapulogalamu akaikidwa pamodzi amapiringizana monga mbuzi zomangidwa pachikhomo chimodzi, ndipo ina ikagwa imakokera inzake pansi. Mtendere unapezeka ndithu, koma pa mtengo wowawa, pakuti seva iliyonse inkadya magetsi usana ndi usiku, inkafuna mphepo yoizizira, malo oimapo ndi munthu woisamala, chonsecho mphamvu imene inkagwiritsadi ntchito inali kagawo kochepa chabe ka mphamvu imene inali nayo. Zinali ngati mfumu yomangira mlendo aliyense nyumba ya zipinda khumi kuti azigona m'chipinda chimodzi.

Nzeru yothetsera kusakaza kumeneku siinali yatsopano, ndipo n'koyenera kuti ulemu upite kwa eni ake. Mu 1967, akatswiri a kampani ya IBM ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, anali atayendetsa kale pulogalamu yotchedwa CP-40, imene inkagawa kompyuta imodzi yaikulu kuti ioneke ngati makompyuta angapo, munthu aliyense n'kumagwira ntchito ngati kuti makina onsewo ndi ake yekha. Ndipo mu 1972 kampaniyo inayamba kupereka kwa makasitomala ake mdzukulu wa pulogalamu imeneyo, wotchedwa VM/370. Patapita zaka ziwiri, mu 1974, Gerald Popek ndi Robert Goldberg analemba zinthu zitatu zimene chinyengo chabwino chotere chiyenera kukwaniritsa: kuti pulogalamu iziyenda m'kompyuta yoyerekezayo monga momwe ikadayendera m'kompyuta yeniyeni, kuti iziyenda mosachedwa kwenikweni, ndi kuti wogawayo akhalebe mwini ulamuliro pa chuma chonse cha makinawo, mlendo asathe kudzitengera chimene sanapatsidwe.

Wogawa ameneyu a ntchitoyi amamutcha hypervisor. Ine pano ndimutcha kapitawo, pakuti udindo wake ndi womwewo. Kompyuta ili ndi ziwalo zitatu zimene tiyenera kuzigwira pamtima: purosesa, ndiwo ubongo wowerengera, memore, imene ili ngati lichero la m'manja, pamene pali zimene zikupetedwa pa nthawi yomweyo, ndipo wopetayo akapunthwa zonse zimamwazika, ndi disiki, imene ili ngati nkhokwe, mosungidwa zokhalitsa. Kapitawo amakhala pakati pa ziwalo zimenezi ndi alendo ake. Mlendo aliyense amamudulira gawo lake la lichero, amamupatsa nthawi yake pa purosesa mosinthana ndi anzake msangamsanga kotero kuti sazindikira n'komwe kuti analandidwako, amamuonetsanso disiki yoyerekeza ndi khomo loyerekeza lotulukira ku netiweki. Ndipo mlendoyo, kaya ndi Windows kaya ndi Linux, amadzuka m'chipinda chakecho n'kumayesa kuti nyumba yonse ndi yake, osadziwa kuti kuseri kwa khoma kuli anzake khumi ndi asanu amene akuganiza chimodzimodzi. Mlendo wotereyu ndiye amatchedwa virtual machine, kapena mwachidule VM, ndipo maseva 60 a mnyamata uja anali a mtundu umenewu.

Chimene chinachedwetsa nzeruyi kufika pa makina wamba chinali chilema cha mapurosesa a Intel a nthawi imeneyo, amene anali ndi malamulo ena okwana 17 omwe mlendo akanatha kuwapereka mwakachetechete kapitawo osamva. Amene anapeza njira yozungulira chilemachi anali kagulu ka ku Palo Alto, ku California, m'mene munali Mendel Rosenblum, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stanford, ndi mkazi wake Diane Greene, omwe anayambitsa kampani ya VMware mu 1998. Kapitawo wawo ankawerenga malamulo a mlendo asanafike ku purosesa, n'kusintha oopsawo kuti akhale ofatsa. Mu 2001 anatulutsa ESX, kapitawo wa maseva. Ena anatsatira mofulumira: Xen inabadwira ku Cambridge inayo, ya ku England, mu 2003, ndipo ndi imene Amazon inamangirapo ntchito yake yobwereketsa maseva mu 2006, Intel ndi AMD anakonza chilema chija m'mapurosesa awo mu 2005 ndi 2006, KVM, imene Avi Kivity analemba ku kampani ya Qumranet ya ku Israel, inalowa m'kati mwa Linux mu 2007, Microsoft inabwera ndi Hyper-V mu 2008.

Koma maina amenewa, ngakhale ali ofunika, si ndiwo mutu wa nkhani. Mutu wake ndi uwu: pamene seva inavula thupi lake lachitsulo, chimene chinatsala ndi mafayilo ochepa. Disiki yonse ya mlendo, pamodzi ndi Windows yake, mapulogalamu ake, makalata ndi kaundula wake, ndi fayilo imodzi yaikulu, imene pa VMware dzina lake limathera ndi vmdk, pa Hyper-V vhdx, pa KVM kawirikawiri qcow2. Pambali pake pali kafayilo kena kofotokoza kukula kwa lichero lake ndi chiwerengero cha mapurosesa ake. Amene ali ndi mafayilo amenewa ali ndi sevayo. Akhoza kuikopera, akhoza kuisamutsa, akhoza kuiukitsa pa makina ena kutali. Ndiponso, ichi tisachiiwale, akhoza kuiba kapena kuifafaniza ndi chala chimodzi. Chifukwa chake funso lalikulu la m'chipinda chozizira chija linaleka kukhala lakuti, "Kodi makina athu ndi amphamvu motani?" n'kusanduka lakuti, "Kodi mafayilo amenewa agona pati, ndipo akuwalonda ndani?"

Nkhokwe ya madisiki ili ndi mbiri yakeyake. Disiki yoyamba yogulitsidwa, imene IBM inapangira ku San Jose mu 1956, inali ndi mbale 50, iliyonse yotambalala mainchesi 24, ndipo zonse pamodzi zinkasunga zilembo 5 miliyoni, mlingo umene chithunzi chimodzi cha pafoni ya lero chikhoza kuudzaza. Madisiki anachepa msinkhu nakula mimba chaka ndi chaka, koma sanaleke kufa, pakuti chinthu chozungulira usana ndi usiku chili ndi tsiku lake. Mu 1988, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a pa yunivesite ya California ku Berkeley anafotokoza mwadongosolo njira imene anaitcha RAID, yomanga madisiki ambiri mtolo umodzi kuti imfa ya imodzi isakhale imfa ya zonse. Nzeru yake mwana wa sukulu akhoza kuimva: mukalemba 4, 7 ndi 9 pa mapepala atatu, n'kulemba 20 pa pepala lachinayi, pepala lililonse mwa atatuwo likapsa mukhoza kudziwanso chimene chinalembedwapo pochotsera otsalawo pa 20. Makina amachita masamu ofanana ndi amenewa pa kachidutswa kalikonse kamene asunga, ndipo disiki ikafa, mlonda amangoisolola n'kulowetsa yatsopano, nkhokwe n'kudzaza yokha m'malo mwa zotayikazo, anthu a pamzere wa ku banki osamva kanthu.

Mtolo wotere ukaikidwa m'kabati yakeyake, yokhala ndi oyang'anira awiri kuti wina akagwa mnzake anyamule katundu, ndi zingwe ziwiri za magetsi, ndi njira ziwiri zofikira ku seva iliyonse, pakuti kuyenda awiri si mantha, ndiye nkhokwe ya mudzi wonse imene mnyamata uja anandilozera. Maseva amalankhula nayo m'njira ziwiri. Njira ina, yotchedwa SAN, nkhokwe imapereka malo opanda kanthu, monga mfumu ipereka tchire kwa mkamwini kuti adzilimire yekha mizere yake, ndipo malowo amafikidwa kudzera m'zingwe za kuwala za Fibre Channel, kapena pa netiweki wamba mwa njira ya iSCSI. Kapitawo ndiye amayala kaundula wake pamenepo. Njira inayo, yotchedwa NAS, nkhokwe imasunga yokha kaundula wa mafayilo, kapitawo n'kumangopempha fayilo potchula dzina lake, kawirikawiri m'chilankhulo cha NFS chimene Sun Microsystems inakonza mu 1984. Akatswiri akhala akutsutsana zaka zambiri kuti yabwino ndi iti. Ine ndiona kuti zonse ziwiri zimakafika, ndipo kusiyana kwenikweni kuli pa luso la woziyala.

Tsono apa ndi pamene ukwati wa kapitawo ndi nkhokwe unabala chozizwa. Mu 2003 VMware inaonetsa chimene inachitcha VMotion: kusamutsa seva yamoyo, ili pakati pa ntchito, kuchoka m'bokosi lina kupita m'bokosi lina, osaizimitsa. Mmene zimachitikira n'zokoma kuzilingalira. Popeza mabokosi onse awiri akuona nkhokwe imodzimodzi, fayilo yaikulu ija siisuntha ngakhale pang'ono. Chosamuka ndi lichero lokha. Kapitawo wa nyumba yakale amayamba kukhuthulira za palichero kwa mnzake wa nyumba yatsopano, mlendo akupetabe. Ndipo popeza mlendoyo akusinthabe zina pamene zikukoperedwa, kapitawo amaika chizindikiro pa zosinthidwazo n'kuzitumizanso, kachiwiri, kachitatu, ulendo uliwonse zotsala zikucheperachepera, kufikira zitatsala pang'ono kwambiri. Pamenepo amamuimitsa mlendoyo kamphindi kosakwana nthawi zambiri ngakhale sekondi imodzi, natumiza zotsirizazo, ndipo mlendo amapitiriza chiganizo chimene anachiyamba m'nyumba ina ali m'nyumba inanso, osadziwa kuti wasamuka. Chiyambire pamenepo, wosamala makina akhoza kutulutsa alendo onse m'bokosi lodwala masana dzuwa likuwala, kulikonza, n'kuwabwezamo, m'malo modikira pakati pa usiku wa Loweruka monga ankachitira akale ake.

Ndipo bokosi likafa mwadzidzidzi, mosatsazika, anzake amazindikira kuti kugunda kwa mtima wake kwaleka kumveka, natenga mafayilo a alendo amasiyewo m'nkhokwe, nawadzutsa m'nyumba zawo. Za palichero zimatayika, koma zonse zimene zinafika m'nkhokwe zimapezeka zili bwino, ndipo m'mphindi zowerengeka ntchito imayambiranso. Pano pali ngozi imodzi yobisika imene amisiri anailingalira mozama. Nanga ngati bokosi lija silinafe, koma langoduka chingwe cholankhulirana ndi anzake? Pamenepo nyumba ziwiri zikhoza kudzutsa mlendo mmodzi yemweyo, zonse n'kumalemba m'fayilo imodzi, ndipo kaundula angasanduke phala. Atambala awiri salira m'khola limodzi; n'chifukwa chake pa fayilo iliyonse pamaikidwa loko m'nkhokwe momwemo, ndipo amene wagwira kiyi yekha ndiye aloledwa kulemba. Taonani tsono kuti woweruza mlandu wa yemwe ali moyo ndi yemwe wafa ndi nkhokwe. Sizodabwitsa kuti amene anagula VMware mu 2004, pa mtengo woposa madola 600 miliyoni, sanali wopanga maseva, koma EMC ya ku Hopkinton, kampani yogulitsa nkhokwe za madisiki, imene inaona msanga kumene mphepo inkalowera.

Komatu walira mvula walira matope. Seva imodzi ikamawerenga disiki yakeyake, kawirikawiri imawerenga mwandondomeko, monga munthu wokolola mzere umodzi kuchokera kumtunda kufikira kumunsi. Koma alendo 60 akamapempha nthawi imodzi, uyu kaundula, uyu kalata, uyu chithunzi, zopempha zawo zimafika kunkhokwe zitasakanikirana, ndipo dzanja lowerenga la m'disiki limangodumphadumpha uku ndi uku, monga mwini chigayo amene amayi makumi asanu ndi limodzi amuzinga, aliyense ndi kambale kake ka mphale, aliyense akufuna kuti chake chigayidwe tsopano lino. Disiki yozungulira yothamanga koposa, ya maulendo 15,000 pa mphindi, imakwanitsa zopempha zomwazikana zotere pafupifupi 200 zokha pa sekondi. Maofesi ambiri amene anathamangira kuchepetsa mabokosi anadabwa kuona kuti mapurosesa ali phee, memore ilipo yambiri, koma ntchito ikukwawa ngati nkhono, makamaka m'mawa pamene onse adzukira pamodzi. Ndipo ankagula madisiki ochuluka, osati chifukwa chosowa malo, koma pofuna manja ambiri otapa. Chimene chinachiza nthendayi kwenikweni ndi kutsika mtengo kwa madisiki opanda chozungulira, otchedwa SSD, abale ake a kamemore khadi ka m'foni, amene amayankha zopempha zikwi makumimakumi pa sekondi popeza mulibe dzanja loti lisunthe.

Mankhwala ena anali kuphunzitsa kapitawo ndi nkhokwe kumvana chilankhulo. Poyamba, kapitawo akafuna kukopera seva, ankatapa fayilo yonse m'nkhokwe, kuidutsitsa m'zingwe kufika kwa iye, n'kuibwezanso m'zingwe zomwezo kukaithira m'chipinda china cha nkhokwe yomweyo, ngati munthu wosenza chimanga kuchokera m'nkhokwe kupita nacho kubwalo la mfumu kuti akangotembenuka n'kubwerera nacho. Mu 2010 VMware ndi opanga nkhokwe anagwirizana njira yotchedwa VAAI, yakuti kapitawo azingotuma mawu akuti, "Kopera ichi uike apo," nkhokwe n'kuchita yokha m'kati mwake. Microsoft inabweretsa yakenso, ya ODX, mu Windows Server 2012. Njira ya VAAI ija inachepetsanso mkangano wa maloko, pakuti m'malo motseka chipinda chonse pofuna kusintha kanthu kamodzi, kapitawo anayamba kutseka kachigawo kokhako kamene akukagwira.

Pali luso lina limene ine ndimaliyang'ana ndi mtima wosakhazikika, lotchedwa thin provisioning. Mlendo akapempha disiki yaikulu, amauzidwa kuti wapatsidwa yonse, chonsecho nkhokwe imamupatulira malo okhawo amene walembapo kale, otsalawo n'kukhala lonjezo chabe. Ndipo popeza alendo ambiri sadzaza zimene anapempha, wosamala makina akhoza kulonjeza malo oposa amene ali nawo. N'zoona kuti zimapulumutsa ndalama zambiri, ndipo sindinena kuti zilekedwe. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tsiku limene malonjezo onse adzafunidwe pamodzi, nkhokwe ikadzadza, si mlendo mmodzi amene amaima, koma onse odya m'chipinda chimenecho, ndipo amaima nthawi imodzi. Luso limeneli limafuna mlonda wosagona, woyang'ana mlingo tsiku ndi tsiku, ndi abwana omvera msanga akauzidwa kuti nthawi yogula madisiki ena yakwana, osati oyankha kuti tidzaona chaka chamawa.

Cholakwa chachikulu koposa, chimene chagwetsa ngakhale anthu ophunzira, ndicho kuyesa kuti nkhokwe yolimba ndi chimodzimodzi ndi mbewu yoikiza kwina. Kapitawo amatha kujambula mlendo monga aliri pa mphindi inayake, chimene amachitcha snapshot, kuti zinthu zikalakwika abwerere pamenepo. Koma chithunzi chimenecho chimatsamira pa fayilo yoyamba ija ndipo chimagona nayo m'nkhokwe imodzi, kotero kuti moto wotentha ichi umatenthanso icho. RAID nayo imateteza ku imfa ya disiki, koma munthu akafafaniza fayilo molakwa, kapena mbala ikaimanga ndi loko yake, RAID imasunga cholakwacho mokhulupirika pa madisiki onse. Usiku wa pa 10 Malichi 2021, moto unabuka pa nyumba za maseva za kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, m'dziko la France, nunyeketsa nyumba imodzi yonse ndi gawo la inzake. Palibe munthu anafa, koma masamba a pa intaneti mamiliyoni anazima, ndipo makasitomala ena, amene zosunga zawo zachiwiri zinali pamalo omwewo, sanazionenso. Mu Febuluwale 2023, mbala za pa intaneti zinalowa m'maseva zikwi zingapo okhala ndi kapitawo wa VMware wotchedwa ESXi, wakale ndi wosakonzedwa, ambiri a iwo ku France komweko, n'kumanga mafayilo a alendo ndi kufuna dipo. Pakuti mbala nazo zinazindikira kuti palibe chifukwa chothyola nyumba 60 imodziimodzi pamene zonse zagona pa mphasa imodzi. Makolo athu ankaikiza mbuzi kwa abale a kutsidya la mtsinje, kuti mliri ukagwa m'khola muno mtundu usathe. A ntchitoyi nawonso amalangiza kuti pakhale makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali, ndipo ine ndiwonjezapo kuti kope limene silinayesedwepo kuukitsidwa lisawerengedwe n'komwe.

Ena, poona kuti kabati imodzi yasenza moyo wa mudzi wonse, ndiponso kuti mtengo wake ndi woboola m'thumba, anafunsa kuti, bwanji nkhokweyo tiimwaze? Sage Weil, ali wophunzira ku yunivesite ya California ku Santa Cruz, anafotokoza mu 2006 pulogalamu yotchedwa Ceph, imene imatenga madisiki a m'mabokosi wamba ambiri n'kuwalumikiza kuti aoneke ngati nkhokwe imodzi, kachidutswa kalikonse n'kumasungidwa kawirikawiri m'mabokosi atatu osiyana. Bokosi likafa, otsalawo amagawana okha ntchito yokoperanso zimene linasenza. Bungwe la kafukufuku la CERN, pafupi ndi Geneva, limasungira zambiri m'menemo. VMware inatulutsa yakeyake, vSAN, mu 2014, ndipo kampani ya Nutanix inamanga malonda ake onse pa ganizo lomweli. Katundu sanachoke, wangosamukira pa zingwe zolumikiza mabokosiwo, zimene tsopano ziyenera kukhala zothamanga ndi zosaduka.

Kwatsala nkhani ya mwini khasu. EMC inagulidwa ndi Dell mu 2016, ndipo mu Novembala 2023 VMware inagwa m'manja mwa Broadcom pa mtengo woposa madola 60 biliyoni. Posakhalitsa mwini watsopanoyo analeka kugulitsa malaisensi ogula kamodzi, nalamula kuti onse azilipira ngati lendi, ndipo makasitomala ambiri ku Ulaya ndi ku America anadandaula poyera kuti mtengo wawakwerera kwambiri. M'mwezi womwewo wa Novembala, Banki Yaikulu ya Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Choncho aliyense kuno kwathu wolipira laisensi yowerengedwa m'madola anamenyedwa mbali zonse ziwiri. Njira zotulukira zilipo, monga Proxmox ya ku Vienna, imene inayamba mu 2008 ndipo imamanga KVM ndi Ceph pamodzi popanda kukakamiza munthu kugula laisensi. Koma amene anayesapo kusamuka amachitira umboni kuti kusintha kapitawo n'kopepuka, cholemera ndi kusamutsa nkhokwe, kutembenuza mafayilo akuluakulu kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina, ndi kuphunzitsanso manja amene anazolowera njira imodzi zaka khumi ndi zisanu. Ndikadakhala ndi mawu m'mabwalo amene amagamula zogula za maofesi athu, ndikadapempha kuti ndalama zina zimene zimapita kunja chaka ndi chaka zipite pa kuphunzitsa ana athu kuyendetsa makina amene kiyi wake sali m'thumba la munthu wa kutsidya la nyanja.

Ndipo kuno kwathu pali mdani wina amene mabuku a ku California samutchula kawirikawiri. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'chaka chomwecho boma linatsegula nyumba yake ya maseva ku Blantyre. Nkhokwe ya madisiki imadana ndi kuzima kwadzidzidzi koposa makina ena onse, chifukwa pofuna kufulumira imayankha kuti "ndalemba" pamene zinthuzo zikadali palichero lake, zisanafike pa disiki, ndipo chimene chimasunga lonjezo limenelo ndi kabatire kakang'ono kamene kali m'kati mwa woyang'anira wake. Mnyamata uja anandionetsa pepala lomatidwa kuseri kwa chitseko, lolembedwa ndi dzanja, lofotokoza zochita ngati jenereta yakana kulira ndipo mabatire aakulu atsala ndi mphindi zochepa. Nkhanga zinapangana kusanapse. Poyamba amagoneka alendo, kuyambira ang'onoang'ono, wosunga kaundula wa ndalama pambuyo pa onse, kuti aliyense akhuthulire za palichero lake m'nkhokwe. Kenaka amazimitsa mabokosi anayi aja. Nkhokwe ndiyo imatsiriza kutseka maso. Magetsi akabwera, ulendo umayambira kumene unathera: nkhokwe imadzuka yoyamba, iye n'kuima patsogolo pake osakhudza china chilichonse, kudikira kuti timagetsi tonse tisiye kufiira tibiriwire, disiki ndi disiki, mzere ndi mzere, ndipo zikatero ndi pamene amayatsa mabokosi, akapitawo n'kupeza mafayilo awo pamene anawasiya, alendo n'kudzuka mmodzimmodzi, ndipo patapita kanthawi, kutali ndi chipinda chozizira chija, kalaliki wa pazenera amakweza mutu n'kuitana kuti, "Wotsatira abwere."